Mlendo amene anakana "he" ndi "she"

Mdzukulu wanga wina, amene amaperekeza alendo pa boti ku Cape Maclear, wandifunsa kuti: "Agogo, sabata yatha tinalandira mlendo wochokera ku Canada. Anatipempha kuti pomutchula m'Chingerezi tisamati he kapena she, koma they. Anzanga anaseka mpaka kugwira nthiti. Kodi ndimvere, kapena n'zachibwana?"

Mvera, mdzukulu wanga. Anzakowo akaseka n'kutopa poti they amanena anthu ambiri, uwafunse kuti akamati "agogo abwera, akudya nsima" amakhala akunena anthu angati. Mmodzi! Munthu ali yekhayekha pamkeka, koma timati inu, timati iwo, ndipo palibe amaseka. Amene amasekedwa ndi mwana wotchula apongozi ake kuti iwe, ngati sanalandire kaye khofi.

Komanso taganiza. Ndikati "iye wapita kunyanja kukagula usipa," wadziwa kuti ndi mwamuna kapena mkazi? Sungadziwe, ndipo nkhani yamveka ndithu. Chichewa sichifunsa zimenezo, Chiyao chimodzimodzi. Chingerezi ndicho chimakakamiza munthu kusankha mbali asanamalize n'chiganizo chomwe, ndiye eni akewo akhala akufunafuna potulukira. Mu 2019 olemba dikishonale ya Merriam-Webster ku America anasankha they kukhala mawu a chaka, atavomereza kuti atha kunena munthu mmodzi amene sadziona kuti ndi mwamuna kapena mkazi. Ku Sweden anachita kuwonjezera mawu atsopano akuti hen m'dikishonale yawo mu 2015. Ife tinabadwa nazo kale.

Tsono ndikuuze zimene zinandichitikira ndili mnyamata, ku Namwera. Mwana wa achemwali anga anatuluka ku ndagala mwezi wa Ogasiti, atavinidwa jando, mutu wometa bwino, malaya atsopano, dzina latsopano. Tsiku la msika ndinamuona patali atanyamula mtolo wa mizimbe, ine n'kufuula dzina lake la ubwana lija, limene ndinamuitana nalo kuyambira akukwawa. Sanacheuke. Ndinafuulanso. Anzake onse anandiyang'ana ngati ndatukwana, iye anangowerama. Madzulo achemwali anandiitanira kuseri kwa nkhokwe. "Dzina lija linatsala kutchire. Uyu tsopano ndi Che uje." Sanandifunse ngati dzina latsopanolo likundikomera. Ndinapepesa, koma lilime linanditengera miyezi kuti lizolowere. Nthawi zina dzina lakale linkafika pamlomo, ine n'kulimeza ngati munga wa chambo.

Kuno ku Mangochi timadziwa bwino kuti maitanidwe a munthu amasintha. Mtsikana amene dzulo tinkamuitana ndi dzina lake lero ndi Abiti uje, mawa akabereka ndi amake a uje. Wobwera ku Makka timamuti Alhaji. Sitiyamba taunika mumtima mwake kuti timupatse ulemuwo.

Mwina ukuti, "Koma agogo, ine sindikumvetsa za munthu wosakhala mwamuna kapena mkazi." Palibe wakutuma kuti uweruze mlandu umenewo pa boti. Zimene umakhulupirira kumzikiti kapena kutchalitchi n'zako, mlendoyo sanakulande. Wangopempha mmene ungamutchulire masiku atatu amene ali m'manja mwako. Paja mlendo ndi mame. Chimene ndikuletse n'kufunsa za m'kati mwa zovala zake. Amalume ako ungawafunse zotere? Ndiponso kunong'onezana m'Chichewa iye ali pomwepo, poganiza kuti sakumva, n'khalidwe lonyansa. Mawu sangawamve, koma maso ndi tsinya amaziona.

Lilime likaterereka n'kutulutsa she, usachite kugwada n'kupepesa mpaka nsomba kupserera pamoto, chifukwa pamenepo ndiye umuchititsa manyazi. Ungokonza, unene they, upitirize kumuonetsa nsomba za mbuna pamiyala ya ku chilumba cha Thumbi. Polankhula ndi anzako m'Chichewa uziti "alendo aja afuna tiyi, iwo akuti anyamuka mawa," monga unganenere za mlendo wina aliyense wofika pakhomo pa amayi ako.