Ndalama za pagemu zaima pa 2,147,483,647, vuto ndi chani?

Achimwene ena andilembera kuti pagemu ya pafoni ndalama zawo zafika 2,147,483,647 ndiye sizikukweranso, akufunsa ngati nambalayi ili ndi tanthauzo. Kumapeto awonjezera kuti "musandipatse masamu ambiri, mutu wanga ndi wouma."

Achimwene, mawu omalizawo andipweteka. Ndani anakuuzani zimenezo? Ineyo ku sekondale tinali ndi aphunzitsi ena, amalemba ma prime number pabolodi 2, 3, 5, 7, 11 mpaka 97 n'kutiuza lowezani, mawa ukaphonya imodzi chikwapu, ukafunsa kuti nanga kupitirira 97 kuli chani amati ukufuna kuoneka wanzeru. Anzanga ambiri anadana nawo masamu pomwepo, ena lero amagulitsa mumsika, amawerengera chenji m'mutu mofulumira kuposa kakyuleta koma ukawafunsa amati masamu sindiwatha. Bodza limenelo! Anawaphunzitsa moipa basi, ndipo ine ndimakana zoti pali mwana wobadwa ndi mutu wokana masamu, mwana amene wafunsa yekha kuti nambalayi yaima bwanji apa wayamba kale masamu enieniwo.

Nambala yanuyo ndi prime, siigawika ndi ina iliyonse kupatula 1 ndi iyo yomwe. Tengani ma 2 okwana 31, muwachulukitse onse, muchotsepo 1, ndi imeneyo. Manambala otere amatchedwa ma Mersenne, dzina la wansembe wa ku France Marin Mersenne amene anamwalira mu 1648. Koma si onse amakhala prime ayi, ma 2 okwana 11 kuchotsa 1 ndi 2047, yomwe ndi 23 kuchulukitsa ndi 89.

Chomwe chimandisangalatsa ine ndi katswiri wa masamu Leonhard Euler. Mu 1772, maso atasiya kale kuona, anatsimikiza kuti 2,147,483,647 ndi prime, kompyuta kulibe. Sanagawe ndi nambala iliyonse ngati wolanga thupi, anadziwa kuti kupitirira 46,340 palibe chifukwa choyesera, komanso nambala yoti ingaigawe iyenera kutsala 1 ukaigawa ndi 62, ndiye ntchito inachepa kwambiri. Zimenezi ndiye akanatiphunzitsa, kuganiza kuti ntchito ichepe, osati kuimba ma prime ngati nyimbo ya fuko. Lero prime yayikulu kwambiri yodziwika ndi ya Mersenne yomweyo, anaipeza Luke Durant mu 2024, ili ndi madijiti 41,024,320.

Tsono za gemuyo

Mapulogalamu ambiri amasunga nambala m'mabit 32 (bit ndi kamalo kosunga 0 kapena 1 basi), imodzi imanena ngati ndi positive kapena negative, otsala 31 akadzadza onse ndi ma 1 ndiye 2,147,483,647. Foni yanu siinawonongeke, opanga gemu ndi amene anasankha malo ochepa, ndipo m'magemu ena mukawonjezera 1 imatembenuka kukhala -2,147,483,648, ndiye ndalamazo muzigwiritse ntchito zisanatero. YouTube nayo inasintha kawerengedwe kake ka anthu oonera kanema kupita ku mabit 64 mu 2014 chifukwa cha malire omwewa. Makompyuta akale owerenga masekondi kuyambira pa 1 January 1970 adzagunda nambala yomweyi pa 19 January 2038.