Komiti ya kafukufuku wa nyamakazi, lowani koma maso akhale patsogolo

Achemwali ndangoona zoti akukuitanani mukaimire odwala mu komiti ya kafukufuku wa nyamakazi mtima wanga wachita kuti phwii, ine zinandionekerapo izi. Anandinyengerera bwinobwino ati mawu a odwala ndi ofunika, ndinasaina mafomu, zithunzi anajambula, kufika kumeneko mafunso onse analemba kalekale, ine ndekhandekha pakati pa madokotala ntchito yanga kungogwedeza mutu.

Msonkhano anauika m'mamawa, anthu oti akufufuza nyamakazi osadziwa kuti m'mawa ndi pomwe thupi limauma ngati chikuni! Tsiku limenelo chitenje anachita kundimanga ndi mwana wanga zala zitakana kupinda, mapazi otupa nsapato osalowa ndinangovala mapatapata, dzulo lake ndinali nditamwa methotrexate, mankhwala a nyamakazi, ndiye nseru yake mukuidziwa nonse amene mumamwa. Mu minibasi kondakitala akuti mayi fulumirani, kufika uko chipinda chili pamwamba, masitepe ndinakwera ndikugwira khoma thukuta lili kamukamu. Nditapeza mpata ndinakweza dzanja ndikuti adokotala, chikundisautsa ine si ululu wokha ayi, ndi kutopa koti ngakhale kuvundula nsima ndimalekeza panjira, komanso mapaziwa bwanji simukuwafunsa? Bambo aja osandiyang'ana nkomwe, maso pa laputopu, "mayi zimenezo pa fomu palibe, tiyeni tipitirize nthawi yatha." Ena anachita kumwetulirana. Ndinapita kuchimbudzi kukalira, pofuna kusukusula mpopi womwe ndinalephera kupotokola, ndinangopukuta ndi chitenje kubwerera kukakhala chete.

Chimandiwawa kwambiri nchoti sindinalankhule zopusa. Muyeso umene amagwiritsa ntchito poona mmene nyamakazi yakulira, wotchedwa DAS28, umawerenga mfundo za mafupa 28, za m'zala, m'manja, zigongono, mapewa ndi mawondo basi, mapazi mulibemo, pomwe ife timayendera omwewo. Ndipo za kutopazi anzawo kunja anamva kale, bungwe la OMERACT, loona zoyenera kuyeza pa kafukufuku wa nyamakazi, linayamba kuitana odwala ku misonkhano yake mu 2002, odwalawo ndi amene anakakamira mpaka mu 2006 anagwirizana kuti kutopa kuziyezedwa nawo pa kafukufuku wa rheumatoid arthritis, nyamakazi yotupitsa mfundo. EULAR, bungwe la ku Ulaya loona za nyamakazi, mu 2011 inalangiza kuti pa kafukufuku odwala oimira anzawo azikhalapo osachepera awiri, osati mmodzi wongomuonetsa kwa opereka ndalama. Ndiye bambo ajawa sanawerenge zimenezi? Magazi anatenga kwa anthu, lipoti anatulutsa, mpaka lero palibe anabwera kudzatiuza kuti anapeza chani, ngakhale ka meseji ka pa WhatsApp. Ine ndinalumbira kuti zimenezi toto.

Koma inu lowani ndithu, musakane, mukakana apeza wina woti azingoti inde bwana. Auzeni kuti simupita nokha mukufuna wodwala mnzanu, funsani ngati mafunso alemba kale, ya thiransipoti ndi ya nthawi yanu mugwirizane pachiyambi pomwe, osachita manyazi ndi ntchito imeneyo. Kungoti musakalimbane nawo kwambiri, mawa ndi omwewo mukawapeze ku kiliniki akukulemberani mankhwala, lankhulani mofatsa koma muonetsetse kuti zomwe mwanena azilemba mu maminitsi. Ndipo akaika msonkhano m'mamawa kapena tsiku lotsatana ndi la methotrexate auzeni asinthe.