Hodag "anali" kapena Hodag "chinali"?

Funso: Aphunzitsi, ndikulembera ana nkhani za zilombo zomwe ogwetsa mitengo a ku America ankasimba m'misasa yawo. Kodi ndilembe kuti "Hodag anali ndi nyanga" kapena "Hodag chinali ndi nyanga"? Nanga nkhanizi ndingazitche nthano?

Yankho: Zikomo pofunsa. Lembani "Hodag anali ndi nyanga". Dzina lachilendo la chamoyo limagwera m'gulu la galu, fisi ndi kalulu, ndiye timati "fisi wabwera", "Hodag wabwera". Mgwirizanitsi "chi-" amafuna kuti mawu oti chilombo akhale atatchulidwa: "Chilombochi chinatchuka ku Rhinelander, m'chigawo cha Wisconsin, mu 1893, pamene Eugene Shepard anafalitsa zoti wachipeza." Chimene sindifuna kuona n'kusakaniza, monga "chilombocho anathawa". Khutu la mwana limakana msanga.

Komatu kusankhaku kuli ndi tanthauzo, ndipo apa ndi pamene ndikufuna muchedwepo. Squonk wa m'nkhalango za ku Pennsylvania amangokhalira kulira chifukwa cha khungu lake lamakwinya ndi njerewere, ndipo akagwidwa amasungunuka n'kusanduka misozi. Mukati "analira usiku wonse", ana amumvera chisoni ngati mnzawo. Mukati "chinalira usiku wonse", asunthira pafupi ndi amayi awo. Kwa Squonk ine ndingasankhe "a-". Koma Hidebehind, amene amabisala kuseri kwa mtengo nthawi iliyonse munthu akacheuka, "chi-" amamuyenera: "chinamulonda, chinamugwira". N'chimodzimodzinso njovu. Masiku onse timati "njovu yafika", koma ikakhala pabwalo ndi Kalulu timati "Njovu anati".

Pochulukitsa samalani. "A Hodag" owerenga angayese mukulemekeza mkulu wina. Lembani "ahodag" monga "afisi". Galu wa m'nkhani zomwezi wodya mipini ya nkhwangwa zosiyidwa panja usiku savuta, ndi "agalu odya mipini" basi.

Za nthano, ayi, sindikuvomereza kwenikweni. Nthano imayamba ndi "Padangokhala", omvera n'kuyankha "Tili tonse", ndipo aliyense amadziwa kuti zomwe zikubwerazo n'zopeka. Anthu a m'misasa aja sankatero. Ankasimba nkhope ili gwa, wina n'kumavomereza kuti nayenso anachionapo, cholinga chili choti mnyamata wobwera kumene pa ntchito akhulupirire n'kumaopa kutuluka kunja kukada. Shepard anafika poonetsa Hodag wosema ndi mtengo pa chionetsero cha m'boma la Oneida mu 1896, anthu n'kumalipira kuti amuone m'kachisisira. Zoterezi Chichewa chimazitcha nkhambakamwa. Ngati mawuwa akulemera kwa ana a sitandade 3, lembani "nkhani zopeka za ogwetsa mitengo", ndipo "Padangokhala" musamuikepo pokhapokha ngati mwaganiza zozisandutsa nthano zenizeni, zokhala ndi nyimbo yake yoti ana azivomereza.