Mwana wanga akutola mazira a mbozi m'mabotolo, kodi ndi sukulu imeneyi?

Bambo ena a ku Dómuè, m'boma la Angónia, andilembera mtima uli m'mwamba. Mwana wawo wamkazi ali m'chaka chomaliza ku Faculdade de Ciências Agrárias ya UniZambeze ku Ulónguè, ndipo pa monografia yake, kafukufuku womalizira maphunziro, wasankha kufufuza momwe timavu timagawanirana malo m'munda wa chimanga. Akuti: "Zaka zinayi ndakhala ndikugulitsa kachewere kuti aphunzire. Anzake maso ali ku Moatize, iye ali kalikiliki kutola mazira a mbozi. Kodi adzadya mavu?"

Bambo, funso lanu ndi la kholo limene lakhetsa thukuta, ndiye ndikuyankhani mosabisa. Mwanayo musamuletse.

Mavu akunenawo si aja oluma amene amamanga zisa kudenga la khonde. Ndi tating'ono kwambiri, tina sitikwana ndi milimita imodzi yomwe. Kamodzi mwa ito ndi Telenomus remus, kamene kamaikira dzira lake m'kati mwa dzira la ntchemberezandonda, mbozi ija inafika mu Africa mu 2016 n'kulowa m'minda ya ku Mozambique kuno mu 2017. Mukatembenuza tsamba la chimanga mudzapeza mazira a mboziyi ataunjikana, okutidwa ndi tiubweya totuwa. Ngati kamavu kanafikapo, mazirawo amada bii, ndipo m'malo moswa mbozi amaswa timavu tina. Mukang'amba phesi lolowedwa ndi kapuchi n'kupeza tizikwa toyera ngati thonje pambali pa mbozi yofooka, dziwani kuti ndi ntchito ya kamavu kena kotchedwa Cotesia.

Tsono funso la mwana wanu lagona apa. Mbozi sizigwa mofanana munda wonse. Mizere ina zimadzaza, ina zilipo apo ndi apo. Kodi timavu tikachuluka timapita kuti? Inu mumadziwa zochitika pa Tsangano basi ikaima. Ogulitsa onse amathamangira basi yodzaza, koma akaunjikana pa mawindo ake, wochenjera amaona kuti kuli bwino apite pa minibasi ya anthu ochepa pomwe adzakhale yekha. Mu 1970 akatswiri awiri, Fretwell ndi Lucas, polingalira za mbalame, ananena kuti zamoyo zolimbirana chakudya zimamwazikana chomwecho, zambiri pa malo a mwanaalirenji, zochepa pa malo osowa, mpaka chilichonse chizipeza gawo lofanana. M'mabuku amati ideal free distribution, ndipo mwana wanu mawu amenewa adzakumana nawo kawirikawiri.

Koma kamavu sikaona munda wonse monga wogulitsa amaonera mabasi. Kamatsata fungo limene chimanga chimatulutsa chikatafunidwa ndi mbozi, kapena la mamba a gulugufe amene anaikira mazirawo. Kakafika kamafufuza ndi tinyanga take. Kakapeza dzira loti mnzake waikiramo kale, nthawi zambiri kamalisiya, chifukwa m'dzira limodzi simungakule ana ambiri. Kukumana ndi anzake pafupipafupi kumakatayitsa nthawi, mwinanso kukathamangitsa pamalopo. Akatswiri ena awiri, Hassell ndi Varley, anaonetsa mu 1969 kuti timavu tikachuluka, luso la kalikonse lopeza mbozi limatsika. Pamene ine pamandisangalatsa ndi pomwepa: kuchulukitsa timavu kawiri sikupha mbozi kawiri. Munthu wofuna kuweta timavu n'kutimwaza m'minda ayenera kudziwa kuti atulutse tingati, pa mtunda wotani, ndipo ndi liti. Apo ayi ndalama zalowa m'madzi.

Nanga zinathandizapo kale? Funsani achikulire amene akukumbukira kodikodi atapiringiza masamba a chinangwa. Anamugonjetsa ndi kamavu kochokera ku South America, Anagyrus lopezi, kamene bungwe lofufuza za ulimi la IITA linayamba kutulutsa ku Nigeria mu 1981. Hans Herren, amene anatsogolera ntchitoyo, analandira mphoto ya za chakudya ya padziko lonse, World Food Prize, mu 1995.

Za ntchito sindikunamizani kuti ikudikira pakhomo. Malo a ofufuza tizilombo ndi ochepa. Koma amene waphunzira kuyenda m'munda, kuwerengera molondola ndi kumasulira manambala ali ndi makomo angapo: ulangizi ku SDAE (ofesi ya m'boma yoona za ulimi ndi chuma), kafukufuku ku IIAM (bungwe la dziko lino lofufuza za ulimi), makampani a mbewu ndi a fodya, ndi mabungwe othandiza alimi. Akafuna kupitiriza, mestrado, digiri yachiwiri, ilipo ku Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo icipe, bungwe lofufuza za tizilombo la ku Nairobi, imaphunzitsa achinyamata a mu Africa sayansi ya tizilombo kudzera m'ndondomeko ya ARPPIS. Ofunsira zoterezi sachuluka ngati ofunsira ku migodi ya malasha.

Kwa iwe mwana wanga, ngati ukuwerenga, zinthu ziwiri usazipeputse. Estatística, phunziro la kumasulira manambala, uigwire zolimba, uphunzire R, pulogalamu yaulere ya pa kompyuta. Chingerezi nachonso uchilimbikire, poti zolemba zambiri za nkhaniyi sizili m'Chipwitikizi. Ufunsenso aphunzitsi okuyang'anira, mvula isanagwe, ngati maikulosikopu ilipo komanso amene adzakuthandize kuzindikira mitundu ya timavuto. Botolo lililonse ulembepo tsiku, munda ndi mzere umene watolapo, pakamwa pake utseke ndi thonje. Botolo lopanda chizindikiro ndi tsiku lotayika.

Ndipo inu Bambo, pali thandizo limene mungapereke losalira metikala ndi imodzi yomwe. Mankhwala ambiri opopera amapha timavu msanga kuposa mbozi yobisala mu nsonga ya chimanga. Chaka chino mupatuleni mizere ingapo kumapeto kwa munda, musapoperepo. Mu Januwale, mbozi zikayamba, mupite naye m'mamawa akakuonetseni mazira akuda aja.