Kuwomba m'manja si kuyeza makutu

Mayi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Akuti mwana wawo wa miyezi 9 satembenuka akamuitana, ndiye akufunsa ngati khanda loti silinayambe kulankhula lingayezedwe makutu. Mayi, funso lanuli landilasa mtima, chifukwa ine ndinachedwa kukayezetsa mwana wanga.

Mwana wanga wachisamba anadwala chikasu atangobadwa, ndipo anagonekedwa m'chipatala akubayidwa gentamicin, mankhwala opha tizilombo toyambitsa matenda. Chikasu champhamvu ndi mankhwalawa zimatha kuwononga makutu. Titabwerera kumudzi kuno ku Thyolo, agogo ake ankamuwombera m'manja chakumbuyo, iye n'kutembenuka. Tonse tinati akumva. Tsiku lina ndikutsuka mbale pakhonde, poto anandipulumuka n'kugwera pasimenti, mwana ali khale pamphasa pafupi pomwepo. Nkhuku zinabalalika, iye osaphethira n'komwe. Apo n'kuti ali ndi zaka 2. Kutembenuka kuja ankangotsatira mthunzi ndi kamphepo ka manja.

Ndinene mosapsatira, kuwomba m'manja si kuyeza. Ndipo mawu aja akuti "ana aamuna amachedwa kulankhula" atayitsa ana ambiri nthawi imene akanathandizidwa. Kunotu makutu sitiwalabadira. Malume anga agwira ntchito pachigayo zaka zambirimbiri popanda chotsekera m'makutu, lero timachita kuwakuwira, koma aliyense akuti ndi ukalamba. Zimandiwawa.

Kuyezako kumayenda chonchi

M'kati mwenimweni mwa khutu muli kachiwalo kopiringizika ngati nkhono, cochlea. Kakakhala kabwinobwino, timaselo take tokhala ngati tiubweya timabweza kamawu kochepetsetsa tikalandira phokoso. Anatulukira zimenezi ndi David Kemp ku London mu 1978. Poyeza, kumene amati OAE, amalowetsa kachipangizo kofewa m'khutu, kamalira n'kumvetsera kamawu kobwererako. Sipafunika kuti mwana ayankhe, sikupweteka, bola akhale phee kapena agone. Makina akapanda kumva kanthu musathamangire kulira, mwina ndi phula kapena madzi chabe. Akatero amayeza ABR, kumata timawaya pamphumi ndi kuseri kwa makutu kuti aone ngati mtsempha ukufikitsa mawu ku ubongo. Mwana amene chikasu chinamugwira kwambiri afunika ABR ngakhale OAE ituluke bwino. Wanga anamuyeza ali m'tulo pamiyendo panga, ine ndikungoyang'ana timizere pakompyuta, misozi ili chuchuchu.

Tsono mayi, nyamulani buku lake la kusikelo, mukapemphe kalata kuchipatala chakwanuko yopita ku Gulupu, Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli kiliniki ya makutu. Pitani sabata ino.