Kwa madamu a Sitandade 2 amene matabuleti akuwasowetsa tulo

Madamu, mwati mwaphunzitsa zaka 19, pano pasukulu panu pafika matabuleti a BEFIT (pulogalamu ya boma yophunzitsira ana kuwerenga ndi masamu pa tabuleti), ana akukuposani kudina, ndiye mukuganiza zosiya ntchito. Tadikirani kaye.

Ine ndinagwira choko koyamba mu 1994, chaka chimene boma linachotsa fizi ku pulayimale. Ana olembetsa ku pulayimale m'dziko muno anachoka pa 1.9 miliyoni n'kufika pafupifupi 3 miliyoni. Anatilemba tili ndi JCE kapena MSCE basi, za uphunzitsi tinadzaphunzira pambuyo kudzera mu MIITEP, maphunziro a aphunzitsi amene anali kale pantchito. Kalasi yanga inali pansi pa mtengo wa mango, bolodi titatsamiritsa pathunthu. Mu 2007 kunabwera silabasi yatsopano ya ku pulayimale yotchedwa PCAR, tinkachezera kulemba mmene mwana aliyense akukhozera. Mu 2016 inali National Reading Programme, yophunzitsa ana kuwerenga, ndi mabuku okuuza chonena sitepe ndi sitepe. Nthawi zonsezi ndinkati basi ndalephera, koma amene ankapsa mtima kwambiri anali aja obisa kuti sakudziwa.

Ndiye pezani mphunzitsi wachinyamata wochokera kukoleji ya uphunzitsi (TTC) posachedwa, mugwirizane poyera kuti musinthana. Iye akuonetseni za tabuleti, inu mumuonetse mmene mumakhazikitsira chete ana 100 popanda kusasa mawu. Zimenezo iye sakuzidziwa, ndikukutsimikizirani. Ndipo musafune kumeza zonse tsiku limodzi. Sabata ino kuyatsa, kuzimitsa ndi kubwezera potchajira pa sola. Sabata yamawa kugawa mahedifoni popanda ndewu. Zam'katimo ndi Chichewa ndi masamu omwe mumaphunzitsa kale. Khalani ndi tabuleti imodzi ana akaweruka, muidine ngati mwana wa Sitandade 1, palibe akukuonani.

Ku TDC, komwe aphunzitsi a m'zoni amakumana kukasulidwa, musamapite kukangosayina. Lembani funso limodzi m'kope, mulifunse PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni mwanu) pamaso pa anzanu. Mudzadabwa kuti theka la holoyo linali ndi funso lomwelo.

Chimodzi chokha ndikukanizeni: kutengera masikimu ndi makope kunyumba Loweruka ndi Lamlungu lomwe. Ine ndinachita zimenezo zaka za PCAR mpaka BP inakwera. Sankhani tsiku limodzi losagwira cholembera chofiira, mupite kumunda, kukwaya kapena kubanki m'khonde.

Za kalata yosiyira ntchito, isungeni m'chikwama mpaka teremu ino ithe. Mukatsekera mudzatiuze kuno kuti ana angati ayamba kuwerenga maphatikizo paokha.