Buleki yakutsogolo ikugwira yokha, disiki ikutentha

Funso: Ndagula njinga yamoto yakale kwa munthu wina ku Lilongwe, ya disiki kutsogolo. Ndimachita kabaza pakati pa Senga Bay ndi pa Kamuzu Road. M'mawa imayamba bwinobwino, koma ndikayenda pang'ono imalemera ngati wina akuikoka kumbuyo, petulo akutha msanga, ndipo disiki imatentha moti simungaikhudze. Ndikagwira buleki imalira. Mapadi ndinasinthitsa milungu itatu yapitayo koma atha kale. Kodi ndigule kalipa yatsopano?

Yankho: Ndalama zanu sungani kaye, achimwene. Njinga yoyenda kunyanja ikabwera ndi matenda amenewa sindichedwa ndi mafunso, ndimangolunjika pa mapini a kalipa, chitsulo chija chimene chimapanikiza mapadi pa disiki.

Pa njinga zathu zambirizi pisitoni ya mu kalipa imakankha padi ya mbali imodzi yokha. Kuti padi ya mbali inayo igwire disiki, kalipa yonse imatsetsereka pa mapini awiri. Mapiniwo amatetezedwa ndi timalabala. Kalabala kakang'ambika, mchenga ndi madzi zimalowa, dzimbiri n'kugwira, kalipa n'kuuma gwa. Mukafinya buleki imagwira ndithu, koma mukasiya sibwerera. Padi imodzi imangokhula disiki ulendo wonse. Kulemera, kutentha ndi kutha kwa petuloko n'kumeneko. Ndiye anzathu ena mumalowetsa njinga m'nyanja mpaka m'mawondo kuti muitsuke, kenako n'kumadabwa kuti dzimbiri lachokera kuti.

Chitani izi. Masulani mabauti awiri ogwira kalipa, tulutsani mapadi onse awiri, muwaike pachikhatho moyandikana. Musathamange, ayang'anitsitseni. Ine ndisanagwire china chilichonse ndimayamba pamenepa, chifukwa mapadi sanama. Ngati imodzi yatha mpaka chitsulo chikuonekera pomwe inzake ili ngati yangochoka m'shopu, mlandu watha, ndi mapini. Ngati padi yadyeka mopendekeka, uku yonenepa uku yopyapyala, ndiye kuti pini imodzi ikuyenda, inayo yakanirira. Kenako gwirani kalipa ndi dzanja limodzi, chitsulo chake chokhalapo ndi dzanja lina, mukoke. Ziyenera kulekana mofewa ndi zala zokha. Mukafika pofuna hamala kapena kupana ndi sikuludiraiva, mwalipeza vuto. Nthawi zambiri pini imatuluka yofiira ndi dzimbiri, yomata matope ouma ngati phala la dzulo.

Ipaleni ndi sandipepa wosalala mpaka iwale, pukutaninso m'mabowo momwe imalowa, mupake girisi wa silikoni pang'ono chabe. Osati girisi wa mabeyaringi, ndiponso osati oilo wakuda wochoka mu injini monga ndimaonera pansi pa mitengo apa. Zimenezo zimatupitsa labala, pakatha mwezi kalipa yaumanso kuposa kale. Kalabala kong'ambika sinthani, musamange ndi ulusi. Amene anakuikirani mapadi aja akanakhala kuti anasuntha kalipayo ndi dzanja kamodzi kokha, bwenzi simukundilembera. Anangosolola zakale, n'kulonga zatsopano, n'kulandira yake.

Mukapeza kuti mapadi adyeka mofanana ndipo mapini akuyenda, yendani mpaka buleki iyambe kugwira yokha, muime, mumasule pang'ono kanipo kotulutsira mpweya pa kalipa, kawirikawiri ndi sipanala ya 8. Mafuta a buleki akatumpha tayala n'kumasuka, vuto lili kumtunda pa handulo. Mwina kabowo kakang'ono kobwezera mafuta m'kathanki katsekeka ndi zinyalala, mwina kathankiko kadzaza mopitirira. Izi zimachitika munthu akathira mafuta mapadi atatha, kenako n'kuika atsopano osachotsako. Onaninso chofinyira buleki: ngati njinga inagwapo n'kuikidwa chotchipa chosagwirizana nayo, chimakhala chikukankha pisitoni ya pa handulo ngakhale musanachigwire. Chiyenera kukhala ndi kampata kosewera. Koma mukamasula kanipo tayala n'kukhalabe lolimba, pisitoni ya kalipa ndiyo yakanirira, ifunika kutulutsa, kutsuka ndi kusintha masilo, timalabala totchinga mafuta kuti asatuluke. Kalipa yatsopano ndi ya pamene pisitoni yadyeka mabowomabowo basi.

Kulirako musakuganizire kwambiri. Mapadi apsa ndi kutentha, pamwamba pake pasalala ngati galasi. Atayeni. Ndipo musakagulenso aja opanda dzina, omwe ena amalonga m'kapulasitiki kopanda cholemba. Ena ndi olimba ngati mwala, amadya disiki m'malo modyeka okha, ena amanyenyeka ngati bisiketi. Ndinaonapo padi yotere itamatuka n'kusiya chitsulo chokha. Mwapulumutsa pang'ono lero, mawa mukugula disiki.

Poti njinga ndi yakale, suzumirani mafuta a buleki. Atsopano amaoneka oyera ngati mafuta ophikira. Akafanana ndi tiyi wopanda mkaka, amwa madzi, atayeni onse. Paja amayenera kusinthidwa pakatha zaka ziwiri, koma eni ake ambiri amagulitsa njinga osatsegulapo chivindikiro. Pachivindikiro chomwecho palembedwa mtundu wake, DOT 3 kapena DOT 4, thirani umenewo wa m'botolo losatsegula. Asadonthere pathanki ya petulo, amadya penti. Yang'ananinso shoko ya mbali ya disiki, ikamatuluka oilo amatsikira pa mapadi, ndipo padi yomwa oilo sitsukika.

Disiki yapirira kutentha milungu itatu, choncho dzutsani tayala, mulizunguze. Ikamakhula apa n'kusiya apa, yapindika. Pambali pake pamadindidwa muyeso wotsiriza wa kunenepa kwake, pa njinga zambiri zazing'ono ndi 3.5 mm kapena 3 mm. Ikapyapyala kupyola pamenepo ichotseni.

Mpaka mutakonza, musakweze munthu. Buleki yotere ikatentha kwambiri imatha kumanga tayala mwadzidzidzi, ndipo pamchenga wa m'mbali mwa msewu wa Senga Bay tayala lakutsogolo likamanga mumangoona muli pansi. Mukamaliza kumanga zonse, finyani chofinyiracho kangapo mpaka chilimbe musanalize injini, chifukwa kufinya koyamba kumangofika pa handulo osagwira kanthu.